Mabakiteriya abwino akachepa, mavairasi opatsirana pogonana amapeza mpata

Amayi awiri a msinkhu umodzi, okhala m'dera limodzi, atha kugona ndi amuna omwe ali ndi kachirombo ka HIV, koma mapeto ake mmodzi nkutenga kachiromboko mnzake nkupulumuka. Kwa nthawi yaitali anthu akhala akunena kuti umenewu ndi mwayi chabe, pomwe ena amathamangira kuloza chala khalidwe la mayi yemwe watenga kachiromboyo. Kafukufuku yemwe akatswiri a zaumoyo akhala akuchita kuyambira zaka za m'ma 1990, kuphatikizapo wina yemwe adachitikira mumzinda wa Blantyre, waonetsa kuti gawo lina la yankho lili m'thupi mwa mayi momwemo: mtundu wa mabakiteriya omwe akukhala m'njira yake yoberekera, komanso momwe chitetezo cha m'thupi chikuchitira ndi mabakiteriyawo.

Nkhaniyi ndi yofunika ku dziko lino kaamba koti amayi ndiwo asenza katundu wolemera pa matenda amenewa. Kafukufuku wa dziko lonse wotchedwa MPHIA, yemwe adachitika m'zaka za 2020 ndi 2021, adapeza kuti 10.5 peresenti ya amayi a zaka 15 kupita m'tsogolo adali ndi kachirombo ka HIV, poyerekeza ndi 7.1 peresenti ya abambo. Nayo khansa ya khomo la chiberekero, yomwe imayamba ndi kachirombo kopatsirana pogonana ka HPV, ndiyo khansa yomwe imagwira amayi ambiri m'dziko muno. Malinga ndi ziwerengero za m'chaka cha 2020, amayi oposa 4,000 adagwidwa ndi khansayi ndipo pafupifupi 3,000 adamwalira nayo.

Mlonda wachilengedwe

Choyamba nkofunika kusiyanitsa mabakiteriya ndi mavairasi, popeza pa Chichewa onse timangowatchula kuti tizirombo. Mabakiteriya amadya ndi kuswana paokha, ndipo ambiri mwa iwo ndi othandiza thupi. Mavairasi, monga HIV, HPV ndi kachirombo koyambitsa nsungu za kumaliseche, ndi aang'ono kwambiri ndipo sangaswane pokhapokha atalowa m'maselo a munthu. Mankhwala omwe amapha mabakiteriya sapha mavairasi.

M'chaka cha 1892, dokotala wa ku Germany, Albert Döderlein, adafotokoza za mabakiteriya ooneka ngati timitengo omwe adawapeza ochuluka m'njira yoberekera ya amayi athanzi. Lero mabakiteriyawa amadziwika kuti Lactobacillus, ndipo ndi a banja limodzi ndi aja amasasitsa mkaka kuti ukhale chambiko.

Mtsikana akatha msinkhu, homoni ya oestrogen imachititsa kuti khungu la m'kati mwa njira yoberekera likhuthale ndi kuyamba kusunga chakudya cha mtundu wa shuga chotchedwa glycogen. Mabakiteriya a Lactobacillus amadya chakudyachi nkumatulutsa asidi wa lactic, yemwe amachititsa kuti malowa akhale owawasa. Pa muyeso wa pH, madzi abwino amakhala pa 7, pomwe njira yoberekera ya mayi yemwe ali ndi Lactobacillus wokwanira imakhala pansi pa 4.5.

Kuwawasa kumeneku ndiwo mpanda woyamba. Mabakiteriya ambiri oyambitsa matenda amalephera kuswana pamalo otere. M'chaka cha 2013, akatswiri a ku Burnet Institute mumzinda wa Melbourne ku Australia adaonetsa, poyesa m'chipinda chopimira, kuti asidi wa lactic amafoola kachirombo ka HIV. Patatha zaka ziwiri, anzawo a ku University of North Carolina ku America adapeza kuti chikazi cha amayi omwe ali ndi mtundu wina wa Lactobacillus chimakola kachiromboka ngati ulimbo, kotero kuti kamavutika kufika pakhungu la m'kati.

Koma si Lactobacillus yense yemwe ali ndi mphamvu zofanana. M'chaka cha 2011, gulu lotsogozedwa ndi Jacques Ravel lidayeza amayi 396 a ku America ndipo lidawagawa m'magulu asanu. M'magulu anayi mudali mtundu umodzi wa Lactobacillus womwe udachuluka kuposa ina yonse, pomwe m'gulu lachisanu mudali chisakanizo cha mabakiteriya osiyanasiyana. Mtundu wotchedwa Lactobacillus crispatus ndiwo umateteza kwambiri ndipo umakhazikika nthawi yaitali. Wina wotchedwa Lactobacillus iners ndi wofookerapo, ndipo sachedwa kupereka malo kwa mabakiteriya ena.

Mpanda ukagwa

Lactobacillus akachepa, malo ake amalowa mabakiteriya omwe amaswana bwino pomwe palibe mpweya, monga Gardnerella, Prevotella ndi Sneathia. Kuwawasa kuja kumachepa, pH imakwera kuposa 4.5, ndipo mabakiteriyawa amamatirira pakhungu la m'kati nkupanga kachiyangayanga komwe mankhwala amavutika kukalowa. Vutoli madokotala amalitcha bacterial vaginosis, kapena BV mwachidule.

Zizindikiro zake ndi chikazi chamadzimadzi, chotuwa kapena choyererako, komanso fungo longa la nsomba lomwe limamveka kwambiri mayi akangogonana kapena akakhala kumwezi. Komabe amayi ambiri omwe ali ndi BV saona chizindikiro chilichonse, ndipo ena amangoyesa kuti ndi momwe thupi lawo lidabadwira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organisation, lomwe limadziwika mwachidule kuti WHO, likuti pakati pa 23 ndi 29 peresenti ya amayi a msinkhu wobereka ali ndi vutoli. Izi zikutanthauza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi anayi alionse ali nalo.

BV si chindoko kapena chinzonono, matenda omwe amayamba ndi kachirombo ka mtundu umodzi. Ndi kusokonekera kwa mudzi wonse wa mabakiteriya, ngati munda womwe mbewu zafa nkumera tchire. Si chizindikiro cha uve, ndiponso si umboni woti mayi sadzisunga.

Zomwe zidapezeka ku Blantyre

Umboni wina woyambirira wosonyeza kuti BV imakhudzana ndi HIV udachokera m'dziko muno. M'chaka cha 1998, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Taha Taha wa ku Johns Hopkins University, pamodzi ndi anzawo a ku Malawi, lidasindikiza zotsatira za kafukufuku wa amayi oyembekezera pafupifupi 1,200 omwe ankayendera sikelo pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Amayi onsewa adalibe kachirombo ka HIV pomwe kafukufukuyu ankayamba, ndipo akatswiriwa adapitiriza kuwayeza ali oyembekezera komanso atachira.

Zotsatira zidaonetsa kuti amayi omwe adali ndi BV adali pachiopsezo chotenga HIV choposa katatu panthawi yomwe adali oyembekezera, ndi choposa kawiri atachira, poyerekeza ndi anzawo omwe adalibe vutoli. Chiopsezochi chinkakulirakulira malinga ndi kukula kwa kusokonekera kwa mabakiteriya.

Zofanana ndi izi zidapezekanso ku Rakai m'dziko la Uganda ndi ku Mombasa m'dziko la Kenya. M'chaka cha 2008, akatswiri ena adaphatikiza zotsatira za kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana ndipo adapeza kuti BV imakweza chiopsezo cha mayi chotenga HIV ndi 60 peresenti.

Abambo nawo nkhaniyi ikuwakhudza. Kafukufuku yemwe adasindikizidwa m'chaka cha 2012, wokhudza mabanja oposa 2,000 a m'maiko asanu ndi awiri a mu Africa momwe mayi adali ndi HIV koma bambo alibe, adapeza kuti bambo adali pachiopsezo chochuluka katatu chotenga kachiromboka ngati mkazi wake adali ndi BV.

Asilikali akasanduka khomo

Funso nkumati, kodi mabakiteriya amatsegulira bwanji njira vairasi? Yankho lagona pa chitetezo cha m'thupi.

Thupi limawazindikira mabakiteriya a Lactobacillus crispatus ngati eni mudzi ndipo silichita nawo phokoso. Koma mabakiteriya monga Prevotella ndi Sneathia akachuluka, maselo a khungu la m'kati amatulutsa timadzi totchedwa cytokines, tomwe ntchito yake ndi yonga mfuu yoitana asilikali a m'thupi. Zikatero pamakhala kutupa kwa m'kati komwe nthawi zambiri sikuoneka ndi maso, ndipo mayi mwini sakumva.

Pa matenda ambiri, kubwera kwa asilikali ndi chinthu chabwino. Pa HIV zinthu zimatembenuka, chifukwa asilikali otchedwa CD4, aja amawerengedwa m'magazi a munthu yemwe ali ndi kachiromboka, ndiwo maselo enieni omwe HIV imafuna kuti ilowemo ndi kuswana. Asilikaliwa akaunjikana pakhomo la chiberekero ali okonzekera nkhondo, kachiromboka kamapeza malo ambiri oti kakhazikikemo.

Kuonjezera apo, kutupa kumamasula timfundo tomwe timalumikiza maselo a khungu la m'kati, ndipo ena mwa mabakiteriyawa amasungunula chikazi chonanda chomwe chimakola tizirombo. Choncho zinthu zitatu zimachitika pakamodzi: asidi amachepa, khoma limang'aluka, ndipo kuseri kwa khomalo kumadzaza maselo omwe kachirombo kakuwasaka.

Izi zidaoneka bwino pa kafukufuku wotchedwa FRESH yemwe adachitikira ku Umlazi, pafupi ndi mzinda wa Durban ku South Africa, ndipo zotsatira zake zidatuluka m'chaka cha 2017. Akatswiri adatsatira atsikana 236 a zaka za pakati pa 18 ndi 23 omwe adalibe HIV. Ochepa okha mwa iwo ndiwo adali ndi Lactobacillus crispatus wochuluka. Atsikana omwe adali ndi chisakanizo chachikulu cha mabakiteriya adali pachiopsezo chotenga HIV choposa kanayi, ndipo pakhomo la chiberekero chawo padapezeka asilikali a CD4 okonzekera nkhondo ochuluka mpaka ka 17 kuposa anzawo a Lactobacillus crispatus.

Nkofunikanso kudziwa kuti khungu la m'kati mwa njira yoberekera lili ndi mizere yambiri ya maselo, pomwe la m'kati mwa khomo la chiberekero lili ndi mzere umodzi wokha. Mwa atsikana achichepere, gawo lopyapyalali nthawi zambiri limatulukirako kunja kwa khomo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa za chilengedwe zomwe kuyamba kugonana munthu ali wamng'ono kumaikira mtsikana pachiswe.

Mabakiteriya odya mankhwala

M'chaka cha 2010, kafukufuku wa CAPRISA 004, wotsogozedwa ndi Quarraisha Abdool Karim ndi Salim Abdool Karim ku KwaZulu-Natal, adaonetsa kuti mankhwala opaka a tenofovir, omwe mayi ankaika m'njira yoberekera asadagonane komanso atagonana, adachepetsa kutenga HIV ndi 39 peresenti mwa amayi 889. Ambiri adaganiza kuti mankhwalawa sadateteze mokwanira chifukwa amayi ena sankatsatira malangizo.

Kusatsatira malangizo kudalipodi, koma m'chaka cha 2017 kudadziwika chifukwa chinanso. Akatswiri atayezanso chikazi chomwe chidasungidwa pa kafukufukuyu, adapeza kuti mwa amayi omwe adali ndi Lactobacillus wochuluka mankhwalawa adateteza ndi 61 peresenti, pomwe mwa amayi omwe adalibe adateteza ndi 18 peresenti yokha. Poyesa m'chipinda chopimira, adaona kuti Gardnerella amaphwanya tenofovir asadalowe m'maselo a mayi.

Apa pofunika kusamala kuti uthenga usasokonekere. Vutoli lidakhudza mankhwala opaka. Kafukufuku wina wa m'chaka chomwecho, wa amayi a ku Kenya ndi Uganda, adapeza kuti mapiritsi akumwa oteteza ku HIV, omwe amadziwika kuti PrEP, amagwira ntchito bwino lomwe kaya mayi ali ndi BV kaya alibe, malinga akumwa mwandondomeko.

HPV ndi khansa ya khomo la chiberekero

Kachirombo ka HPV ndi kofala kwambiri moti anthu ambiri omwe adayamba kugonana amakumana nako nthawi ina pa moyo wawo. Kamalowera m'timing'alu ting'onoting'ono ta khungu nkukakhala m'maselo a pansi. Mwa anthu pafupifupi 90 pa 100 alionse, chitetezo cha m'thupi chimathana nako pasadathe zaka ziwiri. Vuto limabwera ngati mtundu woopsa wa kachiromboka wakhazikika osachoka. Mitundu iwiri, wa nambala 16 ndi wa nambala 18, ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 peresenti ya khansa ya khomo la chiberekero. Katswiri wa ku Germany, Harald zur Hausen, adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2008 kaamba kotulukira mgwirizano umenewu.

Choncho funso lalikulu pa HPV ndi lakuti, nchifukwa chiyani thupi la mayi wina limachotsa kachiromboka pomwe la wina limalephera? Kafukufuku wa m'maiko angapo waonetsa kuti amayi omwe Lactobacillus wawo wachepa amatenga HPV mosavuta komanso amakhala nako nthawi yaitali. Akatswiri a ku Imperial College ku London adasanthula zotsatira za atsikana omwe adali ndi zizindikiro zoyambirira za kusintha kwa maselo a khomo la chiberekero. M'chaka cha 2020 adalengeza kuti kusinthaku kunkatha kokha kawirikawiri mwa omwe adali ndi Lactobacillus wochuluka, pomwe mwa omwe adali ndi chisakanizo cha mabakiteriya kunkachedwa kutha.

Chitetezo cha thupi lonse nachonso chili ndi gawo lalikulu. Bungwe la WHO likuti mayi yemwe ali ndi HIV ali pachiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi chodwala khansayi. Mwa mayi wa chitetezo chabwino, pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti maselo osinthika asanduke khansa, koma mwa mayi yemwe chitetezo chake chatsika zitha kungotenga zaka zisanu mpaka 10. Nchifukwa chake kumwa ma ARV mokhulupirika ndi kuyezetsa khomo la chiberekero kumayendera limodzi.

Nsungu za kumaliseche

Kachirombo kachitatu ndi HSV-2, komwe kamayambitsa timatuza ndi tizilonda towawa kumaliseche. Kakalowa m'thupi kamabisala m'mitsempha kwa moyo wonse, nkumadzuka nthawi ndi nthawi. Ziwerengero za WHO za m'chaka cha 2020 zidaonetsa kuti anthu oposa 500 miliyoni a zaka za pakati pa 15 ndi 49 padziko lonse adali ndi kachiromboka, ndipo ambiri sadziwa kuti ali nako.

Kafukufuku wa ku Pittsburgh m'dziko la America adapeza m'chaka cha 2003 kuti amayi omwe adali ndi BV adali pachiopsezo chochuluka kawiri chotenga HSV-2. Mbali inayi, amayi omwe ali kale ndi HSV-2 amapezeka ndi BV kawirikawiri. Mavuto awiriwa amakokana, ndipo onse amakankhira mayi ku HIV, popeza munthu yemwe ali ndi HSV-2 ali pachiopsezo chochuluka pafupifupi katatu chotenga HIV.

Potengera izi, akatswiri adayesa kupereka mankhwala a acyclovir tsiku ndi tsiku kwa anthu a HSV-2 poyembekezera kuti atetezedwa ku HIV. Zotsatira za m'chaka cha 2008, zochokera ku Tanzania komanso ku Zambia, Zimbabwe, South Africa, Peru ndi America, zidagwiritsa ambiri mwala: tizilonda tidachepa, koma kutenga HIV sikudachepe. Chaka chotsatira, akatswiri a ku Seattle adapeza kuti ngakhale chilonda chitapola khungu nkuoneka bwinobwino, asilikali a CD4 amatsalira pamalopo kwa masabata ambiri. Phunziro lake ndi lomwe lija: chomwe HIV imatsata ndi kuunjikana kwa asilikali, ngakhale pomwe maso sakuona chilonda.

Zomwe zimagwetsa mpanda

Pali zinthu zingapo zomwe zimasokoneza mabakiteriya abwino. Zina ndi zachilengedwe. Magazi a kumwezi amachepetsa kuwawasa kwa masiku angapo, ndipo mayi akasiya kusamba, homoni ya oestrogen imatsika, Lactobacillus nkuchepa. Umuna nawo si wowawasa, kotero umakweza pH kwa kanthawi, chomwe ndi chifukwa china chomwe kondomu imathandizira kuteteza mabakiteriya abwino. Kukhala ndi bwenzi logonana nalo latsopano kapena abwenzi angapo, komanso kusuta fodya, kumakweza chiopsezo cha BV.

Zina ndi zizolowezi zomwe amayi amaphunzitsana ndi cholinga chabwino chofuna ukhondo kapena kusangalatsa amuna awo. M'chaka cha 2011, gulu lotsogozedwa ndi Nicola Low wa ku University of Bern ku Switzerland lidasanthula zotsatira za amayi pafupifupi 15,000 a m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Lidapeza kuti kupukuta m'kati ndi kansalu kapena pepala, kuika zinthu zoumitsa kapena zothinitsa, ndi kutsuka m'kati ndi sopo, zonse zidayendera limodzi ndi kukwera kwa chiopsezo cha HIV. Kutsuka ndi sopo kudakhudzananso ndi kuyamba kwa BV.

Njira yoberekera imadziyeretsa yokha, ndipo chikazi choyera chopanda fungo loipa ndi gawo la kudziyeretsako. Kusamba kunja ndi madzi aukhondo nkokwanira. Zoumitsa zimabweretsanso timing'alu panthawi yogonana, tomwe ndi makomo a mavairasi onse atatu.

Abambo ali ndi mbali yawo. Mabakiteriya a BV amakhalanso pansi pa khungu la kunsonga kwa chida cha abambo. Pa kafukufuku wa mdulidwe ku Rakai, akazi a amuna omwe adadulidwa adapezeka ndi BV mocheperapo ndi pafupifupi 40 peresenti, ndipo mitundu yoopsa ya HPV idachepa mwa iwo ndi 28 peresenti. Izi ndi zoonjezera pa phindu lodziwika kale loti mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa chiopsezo cha bambo chotenga HIV ndi pafupifupi 60 peresenti.

Chithandizo ndi malire ake

BV imachizika ndi mankhwala a metronidazole, omwe ambiri amawadziwa kuti Flagyl, ndipo ndi amodzi mwa mankhwala omwe zipatala za m'dziko muno zimapereka kwa mayi yemwe wabwera ndi chikazi chachilendo. Vuto ndi lakuti nthendayi imabwereranso. Kafukufuku wa ku Melbourne wa m'chaka cha 2006 adapeza kuti amayi oposa theka adadwalanso pasadathe miyezi 12 atamaliza mankhwala. Mankhwalawa amapha mabakiteriya oipa, koma sabwezeretsa Lactobacillus crispatus.

Njira ziwiri zatsopano zapereka chiyembekezo. Yoyamba ndi kubzala mabakiteriya abwino mayi akamaliza mankhwala. M'chaka cha 2020, kafukufuku wa ku America wa amayi 228 adayesa mankhwala otchedwa Lactin-V, omwe muli Lactobacillus crispatus wamoyo. Patatha masabata 12, BV idabwerera mwa 30 peresenti ya omwe adalandira mankhwalawa, poyerekeza ndi 45 peresenti ya omwe sadalandire.

Yachiwiri ndi kuthandiza banja lonse. M'mwezi wa Malichi 2025, akatswiri a ku Monash University ndi Melbourne Sexual Health Centre adasindikiza zotsatira za mabanja 164. M'mabanja momwe mayi yekha ndiye adalandira mankhwala, BV idabwerera mwa amayi 63 pa 100 alionse m'masabata 12. M'mabanja momwe bambo nayenso adamwa mapiritsi ndi kupaka mankhwala kwa masiku asanu ndi awiri, idabwerera mwa amayi 35 okha pa 100 alionse. Kusiyanaku kudali kwakukulu moti kafukufukuyu adaimitsidwa nthawi yake isadakwane.

Ngakhale zili choncho, kafukufuku ameneyu adayeza kubwerera kwa BV, osati kutenga HIV kapena HPV. Kuchiza BV sikulowa m'malo mwa kondomu, PrEP, katemera kapena kuyezetsa. Ndiponso palibe chifukwa choti mayi aziika chambiko, mandimu kapena viniga m'njira yoberekera pofuna kubwezeretsa kuwawasa. Lactobacillus wa mumkaka ndi wa mtundu wina, ndipo madzi a mandimu amawononga khungu la m'kati. Kugula mankhwala a Flagyl pamsika nkumamwa popanda malangizo a chipatala nakonso nkoopsa, popeza chikazi chachilendo chitha kukhala chizindikiro cha matenda ena ofunika mankhwala osiyana.

Tanthauzo lake kwa okonza ndondomeko

Kwa akuluakulu a m'maunduna, m'makhonsolo ndi onse omwe amayendetsa ntchito zolimbana ndi Edzi m'malo a ntchito, pali mfundo zingapo zoti nkutolapo.

Yoyamba ikukhudza kalankhulidwe. Uthenga womwe umangoima pa khalidwe umasiya kunja mayi wapabanja wokhulupirika yemwe thupi lake lili ndi kutupa kosaoneka. Umachititsanso kuti mayi yemwe waona chikazi chachilendo achite manyazi kupita kuchipatala poopa kumuyesa wachiwerewere, ndipo m'malo mwake amalimbikira kutsuka m'kati ndi sopo, zomwe zimangowonjezera vutolo.

Yachiwiri ikukhudza anamkungwi, alangizi a m'mipingo ndi m'mizikiti, komanso alangizi a zaumoyo a m'midzi. Malangizo a zaukhondo wa mayi amaperekedwa kuchinamwali, pachilangizo cha ukwati ndi kusikelo, kotero anthu amenewa ndiwo angafikitse uthenga woti m'kati simufunika sopo kapena zoumitsa. Abambo nawo ayenera kuumva, popeza kawirikawiri zoumitsazi amaziikira iwo.

Yachitatu ndi yakuti ntchito za HIV, matenda opatsirana pogonana, kulera ndi khansa ya khomo la chiberekero zimakumana pa thupi la mayi mmodzi yemweyo. Mayi yemwe wabwera ndi chikazi chachilendo ndi woyenera kupatsidwanso mwayi woyezetsa magazi, kumva za PrEP ndi kupimidwa khomo la chiberekero tsiku lomwelo. Kuonetsetsa kuti mankhwala otsika mtengo ngati metronidazole sakusowa m'zipatala zazing'ono ndi gawo la nkhondo yomweyi.

Yachinayi ndi kulimbikitsa zida zomwe zidatsimikizika kale. Dziko la Malawi lidayesa katemera wa HPV m'maboma a Rumphi ndi Zomba kuyambira m'chaka cha 2013, ndipo mu Januwale 2019 lidayamba kumupereka m'dziko lonse kwa atsikana a zaka zisanu ndi zinayi. M'chaka cha 2020, bungwe la WHO lidakhazikitsa zolinga zoti pofika 2030, atsikana 90 pa 100 alionse akhale atalandira katemerayu asadapitirire zaka 15, amayi 70 pa 100 alionse akhale atapimidwa pofika zaka 35 komanso 45, ndipo 90 pa 100 alionse mwa opezeka ndi vuto alandire chithandizo. Katemerayu amaphunzitsa thupi kupanga chitetezo kachirombo kasadafike, nchifukwa chake amaperekedwa mtsikana asadayambe kugonana.

Zomwe zidayamba kuoneka mwa amayi a kusikelo ya ku Blantyre m'zaka za m'ma 1990 lero zatsimikizika m'maiko ambiri, ndipo njira yomwe zimachitikira yadziwika. Chotsalira ndi chakuti mayi wa kumudzi, mtsikana wa kusukulu ndi wogwira ntchito m'boma adziwe kuti chikazi chosintha mtundu kapena fungo ndi nkhani yopita nayo kuchipatala msanga, ndipo ngati nkotheka apite limodzi ndi mwamuna wake.